Kuvutika kufika pachimake pogonana kwa amayi a zaka zapakati

Kuvutika kufika pachimake pogonana ndi vuto limene mayi amatenga nthawi yaitali kuti afike pachimake, amafikapo mwa apo ndi apo, safikapo n'komwe, kapena amafikapo koma kukoma kwake kumakhala kochepa kusiyana ndi kale. Vutoli limapezeka pa msinkhu uliwonse, koma amayi ambiri amayamba kuliona ali ndi zaka za m'ma 40 ndi 50, pamene thupi likukonzekera kusiya kusamba kapena litasiya kale. Pachichewa ena amati kufika pampondachimera. Achipatala amagwiritsa ntchito mawu a Chingerezi akuti orgasm, ndipo kulephereratu kufikapo amati anorgasmia.

Kusiya kusamba sikuchotsa mphamvu ya thupi yofika pachimake. Chimene chimasintha ndi nthawi imene thupi limatenga komanso kakhudzidwe kamene limafuna. Kawirikawiri zifukwa zimakhala zingapo pa nthawi imodzi, monga kuuma kwa kumaliseche, ululu, matenda ena, mankhwala amene mayi akumwa, kusowa tulo ndi mmene zinthu zilili pakati pa iye ndi mwamuna wake. Zambiri mwa izi zili ndi chithandizo.

Zimene zimachitika m'thupi

Chilakolako chikadzuka, magazi amathamangira kumaliseche, mkongo umafufuma, ndipo makoma a nyini amatulutsa chinyezi. Kukhudzako kukapitirira mokwanira, mitsempha imatumiza uthenga kumsana ndi ku ubongo, kenako minofu yozungulira nyini ndi chiberekero imafinya ndi kumasuka mobwerezabwereza kwa masekondi angapo. Uku ndiye kufika pachimake.

William Masters ndi Virginia Johnson, ofufuza a mumzinda wa St. Louis ku America, anayeza zimenezi pa anthu ambiri ndipo analemba zimene anapeza m'buku la Human Sexual Response, limene linatuluka mu 1966. Mwa anthu amene anawayeza munalinso amayi osiya kusamba, ena a zaka zopitirira 70. Amayiwa ankafikabe pachimake. Kusiyana kunali koti chinyezi, chimene kwa mtsikana chimabwera m'masekondi 10 mpaka 30, kwa iwo chinkatenga mphindi imodzi kapena zingapo. Kufinya kwa minofu kunali kochepa ndipo kunkatha msanga. Ena ankamva kupotokola m'chiberekero pa nthawi yofika pachimakeyo.

Chiwalo chofunika kwambiri pa nkhaniyi ndi mkongo. Kamutu kamene kamaoneka kunja ndi mbali yaing'ono chabe, ndipo mbali yaikulu ili mkati, kumene imagawika n'kutsika mbali zonse ziwiri za khomo la nyini. Dokotala wa ku Melbourne ku Australia, Helen O'Connell, anafotokoza bwino kapangidwe kameneka mu 1998. Akazi ambiri, a msinkhu uliwonse, safika pachimake ndi kulowetsa kokha. Pa kafukufuku amene gulu lotsogozedwa ndi Debby Herbenick linachita ku America pa akazi oposa 1,000 a zaka 18 mpaka 94, akazi 18 okha pa 100 aliwonse ndi amene ananena kuti kulowetsa kokha kumawakwanira. Pafupifupi 37 pa 100 aliwonse anati safika pachimake ngati mkongo sunakhudzidwe. Mfundoyi imathandiza kumvetsa zimene zimachitika pa zaka zapakati. Mayi amene kale ankafika pachimake movutikira ndi kugonana kwa mphindi zochepa, kusintha pang'ono kwa thupi kumakwanira kuti asiye kufikapo, ngakhale kuti palibe chiwalo chimene chawonongeka.

Kusiya kusamba ndi mahomoni

Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55. Mayi amawerengedwa kuti wasiya kusamba akatha miyezi 12 yotsatizana osasamba, popanda chifukwa china monga mimba kapena mankhwala. Zisanafike pamenepo pamadutsa zaka zingapo zimene msambo umadumphadumpha ndipo mahomoni amakwera ndi kutsika mosadziwika bwino.

Mahomoni otchedwa estrogen, amene amapangidwa m'timatumba ta mazira, ndiwo amachititsa kuti makoma a nyini akhale ochindikala, otamuka ndi achinyezi, komanso kuti magazi aziyenda bwino kumaliseche. Mahomoniwa akatsika, makomawo amapyapyala n'kuuma, sachedwa kung'aluka, ndipo khomo la nyini likhoza kuchepa. Mkongo sufufuma msanga ndipo kwa amayi ena sumva kukhudza ngati kale. Ena amamva kuyabwa, kuwotcha, kufuna kukodza pafupipafupi kapena kudwala matenda a m'chikhodzodzo mobwerezabwereza. Kuyambira mu 2014 madokotala amatchula zizindikiro zonsezi ndi dzina limodzi la genitourinary syndrome of menopause, mwachidule GSM. Pafupifupi theka la amayi osiya kusamba amakhala ndi zina mwa zizindikirozi. Kumva kutentha thupi mwadzidzidzi, kumene amayi ambiri amadandaula nako pa nthawiyi, kumachepa kokha pakapita zaka, koma kuuma kwa kumaliseche sikutha kokha ndipo kumakonda kukula ngati sikunathandizidwe.

Ululu ndi umene umalumikiza kwambiri kusiya kusamba ndi vuto lofika pachimake. Mayi amene anamva kuwawa pogonana ulendo wapita, ulendo wotsatira amayamba ali ndi mantha. Minofu ya kumaliseche imauma yokha, chinyezi chimachepa, ndipo maganizo ake amakhala pa kudikira ululu ndi kufuna kuti zithe msanga. Zikatero kuwawa kumawonjezeka, ndipo ulendo winawo mantha amakula. Patapita miyezi, ngakhale chilakolako chenicheni chimazirala. Kutuluka thukuta usiku nako kumasokoneza tulo, ndipo munthu wotopa thupi lake silidzuka msanga.

Akazi alinso ndi mahomoni a testosterone, ngakhale ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a amuna. Awa satsika mwadzidzidzi pa nthawi yosiya kusamba, koma amatsika pang'onopang'ono kuyambira mayi ali ndi zaka za m'ma 20. Zimasiyana kwa mayi amene madokotala amuchotsa timatumba ta mazira tonse tiwiri. Iyeyu amasiya kusamba tsiku lomwelo, estrogen ndi testosterone zimagwa nthawi imodzi, ndipo zizindikiro zimakhala zamphamvu kwambiri. Chithandizo cha khansa ya khomo la chiberekero chowotcha ndi magetsi nachonso chimaimitsa timatumbati ndipo chikhoza kusiya zipsera zochepetsa nyini. Izi zimakhudza amayi ambiri ku Malawi, dziko limene lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo ena mwa iwo amakhala asanafike zaka 40. Kuchotsa chiberekero chokha, timatumba ta mazira tikasiyidwa, kawirikawiri sikulepheretsa mayi kufika pachimake. Ambiri amene ankavutika ndi ululu kapena kutaya magazi amapeza bwino pambuyo pa opaleshoniyo.

Kuchuluka kwa vutoli

Mu 2008 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa PRESIDE, amene anafunsa akazi oposa 31,000 ku America. Pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse ananena kuti amavutika kufika pachimake, koma amene anati vutoli limawasowetsa mtendere anali pafupifupi 5 pa 100 aliwonse. Mavuto a zogonana ankachuluka pamene zaka zikukwera, koma amene ankavutika nawo mumtima kwambiri anali a zaka 45 mpaka 64, osati okalamba kuposa pamenepo.

Kusiyana kwa ziwerengero ziwirizi n'kofunika. Buku la DSM-5 la 2013, limene madokotala a matenda a maganizo amagwiritsa ntchito, limati vutoli ndi matenda pokhapokha ngati likuchitika pafupifupi nthawi zonse, lakhalapo kwa miyezi pafupifupi 6, ndipo likumusautsa mayiyo. Ngati chifukwa chake n'choti sakukhudzidwa mokwanira, bukuli siliwerenga kuti ndi matenda. Mayi amene safika pachimake kawirikawiri koma amasangalala ndi mwamuna wake, ndipo sizimudetsa nkhawa, sali wodwala ndipo safunikira mankhwala.

Mahomoni okha sakwanira kufotokoza

Njira yabwino yodziwira zimene kusiya kusamba kumachita ndi kutsatira amayi omwewo kwa zaka zambiri, kuyambira akusamba mpaka atasiya. Ku Melbourne, gulu lotsogozedwa ndi Lorraine Dennerstein linayamba kafukufuku wotere mu 1991 pa amayi oposa 400. Linapeza kuti kutsika kwa estrogen kumachepetsadi chilakolako ndi kumva kukoma, komanso kumawonjezera ululu. Koma zinthu zimene zinkasonyeza bwino mmene mayi adzakhalire atasiya kusamba zinali zina: mmene zogonana zinkamuyendera kale, mmene amamuonera mwamuna wake, komanso ngati banja latha kapena wapeza mwamuna wina.

Kafukufuku wina wa ku America wotchedwa SWAN, amene anayamba mu 1996 ndi amayi oposa 3,000 a mitundu yosiyanasiyana, anapeza kuti ululu umawonjezeka ndipo chilakolako chimatsika pamene mayi akuyandikira kusiya kusamba. Koma kumva kukoma m'thupi kunkadalira kwambiri thanzi lake, maganizo ake ndi ubale wake ndi mwamuna kusiyana ndi kusiya kusambako.

Matenda ndi mankhwala

Zaka zapakati ndi nthawi imene matenda okhalitsa amayamba kuonekera, ndipo ena mwa iwo amakhudza mitsempha ya kumaliseche. Matenda a shuga akakhala nthawi yaitali osasamalidwa amawononga timitsempha tamagazi ndi mitsempha imene imathandiza munthu kumva kukhudza. Matenda othamanga magazi ndi a mtima amachepetsa magazi ofika kumkongo. Kuvulala msana ndi sitiroko zikhoza kudula uthenga pakati pa maliseche ndi ubongo. Minofu ya pansi pa chiuno imene inafooka chifukwa cha kubereka kambirimbiri imafinya mopanda mphamvu, ndipo mayi amene mkodzo umamudontha amachita mantha kudzimasula pogonana. Palinso matenda a pakhungu otchedwa lichen sclerosus, amene amayeretsa khungu la kumaliseche, amayabwa kwambiri, ndipo akalekereredwa khungulo limamatana n'kuphimba mkongo. Amachizidwa ndi mankhwala opaka.

Pa mankhwala onse, odziwika kwambiri pochedwetsa kapena kuletsa kufika pachimake ndi a matenda okhumudwa a m'gulu la SSRI, monga fluoxetine, sertraline ndi paroxetine. Nthawi zina mankhwala omwewa amaperekedwa pofuna kuchepetsa kutentha thupi kwa amayi osiya kusamba, choncho mayi akhoza kuganiza kuti vuto lachokera ku msinkhu pamene layamba ndi mapiritsi. Amitriptyline, mankhwala ena a misala, ena a khunyu ndi ena a BP nawonso akhoza kuchita chimodzimodzi. Kungosiya mankhwalawa n'koopsa, chifukwa matenda amene amachiza akhoza kubwerera mwamphamvu, ndipo kukhumudwa pakokha kumapha chilakolako. Dokotala akhoza kusintha mlingo kapena kupereka mtundu wina, monga bupropion, umene sukhudza kwambiri zogonana. Mowa wambiri umachedwetsa kufika pachimake. Fodya amawononga mitsempha yamagazi ndipo amachititsa mayi kusiya kusamba chaka chimodzi kapena ziwiri nthawi yake isanakwane.

Mwamuna, banja ndi zikhulupiriro

Mwamuna wa mayi wa zaka 50 kawirikawiri amakhala wa zaka zofanana kapena wamkulu. Iyenso thupi lake limakhala likusintha: chida sichidzuka msanga, chimagwa pakati, kapena amathira msanga. Amuna ena amafulumira dala poopa kuti chida chigwa. Motero pa nthawi imene mkazi akufunikira mphindi zambiri, mwamuna amamupatsa zochepa. Akapanda kukambirana, aliyense amadzipezera tanthauzo lake. Mwamuna amaganiza kuti mkazi sakumufunanso kapena ali ndi chibwenzi, ndipo mkazi amaganiza kuti wakalamba ndipo mwamuna apita kwa atsikana. Amayi ena amanamizira kuti afika pachimake pofuna kusunga mtendere, ndipo mwamunayo sadziwa kuti pali chofunika kusintha.

Pamwamba pa izi pali katundu wa msinkhuwu: fizi ya ana, kusamalira makolo odwala, kulera adzukulu, maliro, ndiponso nyumba yodzaza anthu imene munthu amaopa kuti ana akumva. Mkwiyo wakale umene sunakambidwe, kapena nkhanza za m'banja, sizingathe ndi mankhwala opaka.

M'madera ena a kum'mwera kwa Africa, monga ku Zimbabwe, muli chikhulupiriro choti mayi wosiya kusamba sayenera kugonana, ati chifukwa umuna umaunjikana m'mimba n'kuitupitsa popeza palibe msambo woutsuka. Izi si zoona. Umuna sukhala m'thupi, ndipo msambo suli ndi ntchito yotsuka chiberekero. Mimba ikamatupa pa msinkhuwu pamafunika kukayezetsa, chifukwa chikhoza kukhala chotupa. Mchitidwe woumitsa kumaliseche ndi zitsamba, nsalu, ufa kapena miyala yosinja, umene ukupezeka ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, umavulaza mkazi wa msinkhu uliwonse, koma kwa wosiya kusamba ndi woipa kwambiri chifukwa khungu lake ndi lopyapyala kale. Timabala timene timabwera timatsegula njira ya HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana. N'zodandaulitsa kuti malangizo a anankungwi ndi alangizi a kutchalitchi amachuluka mtsikana akamalowa m'banja, pamene wa zaka 50 kawirikawiri amasowa womufunsa, popeza pa msinkhuwo iye ndi amene amayembekezeredwa kulangiza ena.

Chithandizo

Chithandizo chimayamba ndi kufufuza chimene chasintha. Wachipatala amafunsa ngati vutoli lakhalapo kuyambira kale kapena layamba posachedwa, ngati limachitika nthawi zonse kapena nthawi zina, ngati pali ululu, ndi mankhwala amene mayi akumwa. Amayang'ananso khungu la kumaliseche ndi kuyeza shuga ndi BP. Kuyeza mahomoni m'magazi nthawi zambiri sikuthandiza, chifukwa mlingo wake sugwirizana kwenikweni ndi mmene mayi akumvera.

Chosavuta komanso chotsika mtengo ndi kuwonjezera nthawi yoseweretsana ndi kukhudza mkongo mwachindunji, ndi dzanja kapena njira ina imene awiriwo agwirizana, m'malo modalira kulowetsa kokha. Mafuta oterera otchedwa lubricant, amene amapezeka m'mafamase, amachepetsa kukhulana. Opangidwa ndi madzi kapena silicone ndi amene amagwirizana ndi kondomu. Vaseline, mafuta odzola ndi mafuta ophikira amafooketsa mphira ya kondomu mpaka kuphulika. Kondomu imafunikabe pa msinkhuwu poteteza ku matenda, ndipo mayi amene msambo wake ukudumphadumpha akhoza kutenga mimba. Malangizo a achipatala ndi akuti apitirize kulera mpaka patatha chaka chimodzi chisiyireni kusamba ngati wapitirira zaka 50, kapena zaka ziwiri ngati sanafike 50.

Ngati kuuma kwakula, chithandizo chodalirika ndi estrogen wa mlingo wochepa woika m'nyini, amene amabwera ngati kirimu, timapiritsi kapena kamphete. Amabwezeretsa kuchindikala ndi chinyezi pakapita milungu ingapo, ndipo amene amalowa m'magazi ndi wochepa kwambiri. Akasiyidwa, kuumako kumabwerera. Mayi amene anadwalapo khansa ya m'mawere ayenera kukambirana kaye ndi dokotala wake. Mahomoni akumwa kapena omata pakhungu amathandiza kutentha thupi ndi kusowa tulo, ndipo potero amathandizanso zogonana. Amayi ambiri anawasiya mu 2002 pamene kafukufuku wa Women's Health Initiative ku America anasonyeza kuti mtundu wina umawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi kuundana kwa magazi. Kuunika kwa pambuyo pake kunasonyeza kuti kwa amayi athanzi osafika zaka 60, kapena amene sanathe zaka 10 chisiyireni kusamba, ubwino wake nthawi zambiri umaposa chiopsezo. Mayi amene ali ndi chiberekero amapatsidwa estrogen wotereyu pamodzi ndi mahomoni ena a progestogen oteteza chiberekerocho ku khansa.

Mu 2019 mabungwe angapo a madokotala a m'mayiko osiyanasiyana anagwirizana kuti testosterone wa mlingo wochepa wopaka pakhungu angaperekedwe kwa mayi wosiya kusamba amene kuchepa kwa chilakolako kukumusautsa, zifukwa zina zitafufuzidwa kale. Kwa amayi oterewa amathandizako ndi kufika pachimake. Mlingo wa amuna ndi waukulu kwambiri kwa mkazi ndipo ukhoza kumeretsa ndevu ndi kukulitsa mawu. Palibe piritsi limene linavomerezedwa kuti ndi lochiza vuto la kufika pachimake kwa akazi. Sildenafil, amene ambiri amamudziwa kuti Viagra, sanavomerezedwe pa mavuto a zogonana a akazi, ndipo mankhwala opatsa mphamvu ogulitsidwa m'misika ndi pa intaneti sadziwika zimene zili mkati mwake.

Njira zopanda mankhwala zili ndi umboni wabwino. Yoyamba ndi yoti mayi aphunzire yekha malo ndi kakhudzidwe kamene thupi lake likufuna tsopano, kenako asonyeze mwamuna wake. Njirayi inafotokozedwa ndi Joseph LoPiccolo ndi Charles Lobitz mu 1972. Kachipangizo konjenjemera kotchedwa vibrator kamathandiza amene mkongo wawo sumva kukhudza ngati kale. Amayi amene chikhulupiriro chawo sichilola kudzigwira okha angachite zomwezo pamodzi ndi amuna awo. Masters ndi Johnson anayambitsa njira ina imene awiriwo amagwirizana kusiya kaye kulowetsa kwa masiku angapo, n'kumangosisitana popanda cholinga chofika pachimake, kuti mantha ndi kudzikakamiza zichoke.

Kulimbitsa minofu ya pansi pa chiuno, kumene dokotala wa ku America Arnold Kegel anafotokoza mu 1948, kumachitika pofinya minofu imene munthu amagwiritsa ntchito poletsa mkodzo, kuigwira kwa masekondi angapo, n'kuimasula, kangapo patsiku. Zotsatira zimaoneka pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Mayi amene minofu yake ndi youma kale chifukwa cha ululu amafunika kuphunzira kuimasula, chifukwa kuifinya kumangowonjezera kuwawako.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

Pali zizindikiro zina zimene siziyenera kuonedwa ngati za msinkhu chabe. Magazi alionse otuluka kumaliseche mayi atatha chaka osasamba, ngakhale dontho limodzi, ayenera kufufuzidwa, chimodzimodzi magazi otuluka pambuyo pogonana. Nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala kupyapyala kwa khungu, koma izi ndi zizindikironso za khansa ya chiberekero ndi ya khomo la chiberekero. Zina ndi chikazi chonunkha, chilonda kapena chotupa cha kumaliseche chosapola, kuyabwa kosatha, ndi ululu wa mkati mwa chinena. Dzanzi la kumaliseche ndi m'matako lobwera mwadzidzidzi, limodzi ndi kupweteka msana, kufooka miyendo kapena kulephera kukodza, limasonyeza kuti mitsempha ya kumunsi kwa msana yapanikizika, ndipo limafunika dokotala tsiku lomwelo.